Si mlandu uliwonse woyenera kukathera kukhoti

Ndikanena kuti wopalamula kamlandu kakang'ono asamathamangitsiridwe kukhoti nthawi zonse, ena amandiyang'ana ngati ndikuikira kumbuyo mbava. Ayi ndithu, tandimverani kaye.

Taganizirani mnyamata wa zaka 19 amene waba foni koyamba, ndipo foniyo yapezeka. Akamutsegulira mlandu, amakhala pa rimandi miyezi, mlandu n'kumangoimitsidwaimitsidwa. M'ndendemo akugona limodzi ndi akadaulo othyola nyumba, ndiye mukuganiza kuti usiku amakambirana zotani? Potuluka mbiri yaipa, wolemba ntchito aliyense akumutsekera chitseko. Mwini foni nayenso wataya masiku kupita kukachitira umboni, koma ngakhale "pepani" sanamumve. Wapindula ndani pamenepa?

Njira zina zilipo, ndipo si zachilendo. Apolisi atha kupereka chenjezo lolembedwa, wolakwa atha kubweza chimene anaba, kulipira zimene anawononga, kugwira ntchito yothandiza anthu popanda malipiro kapena kulandira uphungu. Akakwaniritsa, fayilo imatsekedwa. Akazemba, imabwerera kwa oimira boma pa milandu ndipo nkhani imayambira pomwe inalekera. Bungwe la United Nations linalimbikitsa maganizo oterewa mu 1990 kudzera m'malamulo otchedwa Tokyo Rules.

Ku New Zealand, kuyambira mu 1989, wachinyamata akalakwa amakhazikidwa pansi pamodzi ndi makolo ake, wapolisi, komanso wolakwiridwayo ngati wafuna kubwera. Ena amati kumeneko n'kumunyengerera. Ine ndimakana. Kuyang'anizana maso ndi mayi amene wamubera, iye akufotokoza mmene wavutikira, amayi ako ali pambali akumva, n'kowawa kuposa kuima m'bokosi loya n'kumakuyankhulira. Dziko la Portugal nalo mu 2001 linasiya kuzenga milandu anthu opezeka ndi mankhwala ozunguza bongo ongokwanira masiku 10. Amawatumiza ku kagulu koona za malamulo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu, pomwe ogulitsa mankhwalawo akuimbidwabe milandu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti akuluakulu mwayi umenewu ali nawo kale. Mu 2017, kampani ya Rolls-Royce, yopanga mainjini a ndege, inagwirizana ndi ofufuza milandu ya chinyengo ku Britain kuti ilipire mapaundi pafupifupi 497 miliyoni pa nkhani za ziphuphu, mlandu n'kuimikidwa. Sindikuti zinalakwika, mwina zinapulumutsa ntchito za anthu ambiri. Koma ngati boma litha kukambirana ndi kampani yaikulu chonchi, likukaniranji kukambirana ndi wakuba foni imodzi?

Musandimve molakwa. Kupha, kugwiririra, kuchitira nkhanza ana, izi n'zakukhoti basi. Nkhanza za m'banja nazonso ndimaziopa, chifukwa wozunzidwa amakakamizidwa mosavuta kuti "akhululuke".

Mantha anga ena ali pa kuvomera mlandu. Nthawi zambiri munthu salowa m'njira zimenezi asanavomere kuti analakwadi. Tsono wosalakwa amene wagona m'chitokosi masiku atatu, wapolisi n'kumuuza kuti "ingosainani apa muzipita kwanu", asaina ndithu. Ine ndemwe ndikhoza kusaina. N'chifukwa chake ndikuti asanagwire cholembera, ayambe waonana ndi loya kapena womuthandiza pa za malamulo, amufotokozere zimene pepalalo lidzamuchite mawa akamakafunsira ntchito.