Anyani amasekana zikundu

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo pa chinkhoswe mphwanga amene akuphunzira ku Hyderabad amatifotokozera za moyo wa ku India. Anatchulako kuti mkulu woyendetsa boma laling'ono, amene kuno timati DC, anthu olankhula Chitelugu, chilankhulo cha kumeneko, amamutcha kalektar, kuchokera ku liwu la Chingelezi loti collector. Bambo wina wa taye, botolo lili m'manja, anaseka mpaka kutsokomola. Akuti chilankhulo chanji chosowa ngakhale dzina la bwana wake, mpaka kukapempha kwa azungu.

Achimwene, collector yemwe mukunyadira nayeyo si wa Angelezi. Anachita kumutola ku Chilatini, ku liwu loti colligere, kutanthauza kusonkhanitsa. Officer nayenso ndi wa ku Chilatini. Magistrate, commissioner, inspector, minister, onsewa ndi obwereka. Nanga bwanji Chingelezi chikabwereka mumati ndi chilankhulo cholemera, koma Chitelugu chikabwereka liwu limodzi mukuti ndi umphawi? Wobwereka akuseka wobwereka mnzake. Anyani amasekana zikundu!

Ndipo musaganize kuti Atelugu alibe mawu. Munthu wa udindo m'boma amati adhikari, nduna amati mantri. Ndi anthu oposa 80 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2011, ambiri ali m'zigawo za India za Andhra Pradesh ndi Telangana, ndipo ndakatulo anayamba kulemba zaka pafupifupi chikwi zapitazo. Anthu otere angasowe liwu loitanira bwana wa pa ofesi? Kalektar anatsala chifukwa udindowo unabwera ndi atsamunda basi. Bwanamkubwa wa Chingelezi Warren Hastings ndiye anaukhazikitsa mu 1772 m'chigawo cha Bengal, ntchito yake kutolera msonkho wa minda. Dzinalo likunena poyera chimene munthuyo ankadzera pamudzi: ndalama. Liwu lotere ndi chipsera, ndipo munthu wanzeru saseka chipsera cha mnzake.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi nkhope ya mphwanga. Mwana anabwera ndi chimwemwe kuti atiuze zimene waona kunja, koma anangoti zii, n'kubweza foni m'thumba. Nkhani inathera pomwepo chifukwa cha munthu mmodzi amene amayesa kuti nzeru zonse zimalankhula Chingelezi.

Bambo yemweyo posakhalitsa ndinamumva akuti mawa alawirira kwa a DC, kalaliki wawauza kuti fayilo yawo ili kwa khansala. Kalaliki! Khansala! Mawu amenewa anawapeza kumunda kwa agogo awo?

Matendawa anayambira kusukulu. Ife tinakula tikulembedwa maina chifukwa cholankhula Chichewa m'kalasi, n'kukatchetcha udzu dzuwa lili pamutu. Mpaka lero kuli masukulu amene mwana amalangidwa akalankhula chilankhulo cha mayi ake, makolo n'kumalipira fizi mokondwera.