Ku Bath zitseko mumatsegula nokha, ku Edinburgh amakutsegulirani

Bambo amene anatibwereketsa boti pafupi ndi Devizes, ku England, sanatifunse laisensi. Anatisonyeza poyatsira injini, anatiuza kuti chiwongolero ukachikankhira kumanzere mphuno ya boti imalowera kumanja, anayenda nafe kamtunda pang'ono, kenaka anandipatsa chitsulo chopindika ngati sipanala yomasulira matayala n'kutsikira kumtunda. Ola lisanathe tinali tokha pamadzi a ngalande yopita ku Bath: ine, akazi anga, ana athu awiri, ndi mayi anga amene anabwera kudzationa kuchokera ku Nkhotakota. Mayi anayang'ana bamboyo akubwerera wapansi, ndipo anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, ndiye woyendetsa abwera nthawi yanji?" Nditawauza kuti woyendetsa ndine, anakhala pansi n'kugwiritsa chikwama chawo.

Chaka chotsatira tinachita ulendo ngati womwewo ku Scotland, kuchokera ku Falkirk kupita ku Edinburgh. Mayiko awiriwa ndi oyandikana, mfumu yawo ndi imodzi, ndalama ndi imodzi, ndipo maboti ake ndi ofanana ndithu: aatali ngati basi ziwiri, koma m'lifupi mamita awiri ndi pang'ono chabe, okhala ndi mabedi, kakhitchini ndi chimbudzi. Liwiro lovomerezeka ndi la munthu woyenda ndawala, cha m'ma kilomita 6 pa ola. Koma m'mene amamuonera mlendo wobwereka boti n'kosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako n'kumene kwandikhala mumtima.

Ngalande yopita ku Bath imatchedwa Kennet and Avon. Inamalizidwa mu 1810 motsogozedwa ndi injiniya John Rennie, ndipo njira yonse kuchokera ku Reading kukafika ku Bristol ndi makilomita pafupifupi 140. Madzi a m'ngalande sathamanga ngati a mu Shire, amangokhala phee. Ndiye dziko likatsetsereka, boti limatsika ndi masitepe a madzi amene eni ake amati ma lock. Lock ndi chipinda cha njerwa chokhala ndi zitseko zamatabwa kumtunda ndi kumunsi. Mumalowetsa boti, n'kutseka zitseko za kumbuyo, n'kupukusa ndi chitsulo chija kuti timazenera ta pansi pa zitseko za kutsogolo titseguke. Madzi amatuluka, boti limatsika pang'onopang'ono pakati pa makoma a ndere, ndipo madzi a mkati akalingana ndi a kunja m'pamene chitseko chimalola kukankhidwa. Asanalingane, ngakhale mubwere amuna khumi, sichisuntha.

Ntchito yonseyi ku England ndi yanu. Pa Seend pali ma lock 5 otsatizana, ndipo m'pamene tinaphunzirira. Mwana wanga wamkulu, wa zaka 14, anatsamira mtengo wa chitseko ndi msana n'kumakankha chammbuyo, mapazi akuponda timizere ta njerwa timene anaika pansi kuti munthu asaterereke. Njerwazo zinasalala chifukwa cha mapazi a anthu. Mng'ono wake ankathamangira kutsogolo kukaona ngati kukubwera boti lina, chifukwa mwambo wake ndi wakuti lock ikakhala yokonzekera amene akubwera kutsogoloko, mumawadikira kuti madzi asatayike pachabe. Ma lock a ngalande imeneyi ndi otakasuka, amalowa maboti awiri mogundana mbali, ndiye tinagwirizana ndi banja lina la achikulire limene sitinkalidziwa n'komwe. Iwo chitseko cha uko, ife cha kuno. Pofika lock yachisanu tinali titadziwana kwawo ndi kwathu, ndipo mayi wa m'banjamo anali atawapatsa mayi anga kapu ya tiyi modutsitsa pamwamba pa maboti.

Zaka zonse zimene ndakhala ku Britain, anthu a kuno ndawadziwa ngati anthu osapatsana moni m'basi. Pa ngalande amasintha. Aliyense wodutsa amakweza dzanja. Ine ndikuona kuti chimawasintha ndi chitseko cholemeracho, chifukwa munthu sungachithe wekha msanga, ndipo mnzako akakuthandiza sungangomudutsa. Mayi anga anazindikira zimenezi ine ndisanazione. Anati, "Apa ndiye ngati padima, kungosowa thobwa."

Kumbuyo kwathu tinasiya Caen Hill, malo amene anthu amachita kubwera kudzaona. Pamenepo pali ma lock 29 m'makilomita atatu okha, okweza boti mamita 72 onse pamodzi, ndipo 16 mwa iwo anandandalika motsatizana pa phiri ngati makwerero. Kukwera onsewo kumadya maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Ife tinangoyendapo wapansi madzulo. Tinapezapo anthu ovala majekete opulumutsira pamadzi akuthandiza maboti, ndipo ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka, salandira malipiro. Mbiri ya ngalandeyi ndi yotero. Kampani ya njanji ya Great Western Railway inaigula mu 1852, katundu anasamukira ku sitima, ndipo pofika zaka za m'ma 1950 mbali zina zinali zitauma, zitseko zitawola. Anthu wamba ndiwo anakana kuti ife. Anapanga bungwe la Kennet and Avon Canal Trust mu 1962, n'kumasonkha ndalama ndi kufukula matope Loweruka ndi Lamlungu kwa zaka zambiri, mpaka Mfumukazi Elizabeth II anaitsegulanso mu 1990. Kuyambira mu 2012 ngalande zambiri za ku England ndi Wales, makilomita oposa 3,000, zili m'manja mwa Canal & River Trust, lomwe ndi bungwe lachifundo, osati nthambi ya boma.

Kulowa kwake mu Bath sindidzakuiwala. Mukadutsa Bradford-on-Avon mumayenda mtunda wautali wopanda lock, m'mbali mwa chigwa cha mitengo, n'kuoloka mtsinje wa Avon kawiri pa milatho yonyamula madzi, wa Avoncliff ndi wa Dundas. Boti lili pamwamba, mtsinje ndi njanji zili pansi panu. Kenaka mumalowa mumzinda chakuseri, kudutsa m'munda wa Sydney Gardens pansi pa timilatho tachitsulo, nyumba za miyala yachikasu zikuyang'ana m'madzi. Tinamangirira boti pamwamba pa ma lock otsikira kumtsinje n'kuyenda wapansi kukaona mabafa a Aroma, kumene madzi amatumphuka pansi ali otentha madigiri 46, malita oposa miliyoni imodzi tsiku lililonse. Mayi anaima nthawi yaitali akuyang'ana nthunzi, ndipo anakumbuka madzi otentha a ku Chombo ndi a ku Mawira kwathu ku Nkhotakota. Bath analembedwa ndi UNESCO mu 1987 ngati malo a mbiri ya dziko lonse. Usiku tinabwerera kukagona m'boti, nsima yathu titaphika tokha, pamene anthu ena ankalipira mahotela a mumzindawo.

Pali chinthu china chimene sindingachibise. Pakati pa Bradford-on-Avon ndi Bath maboti omangirira ndi ambirimbiri, ndipo ambiri si a tchuthi. Ndi nyumba za anthu, zina zili ndi nkhuni ndi njinga padenga, zina ndi za anthu amene lendi ya mumzinda inawakanika. Amene alibe doko lawolawo lamulo limawauza kuti asakhale malo amodzi kupitirira masiku 14. Ukamadutsa umayenera kuchepetsa liwiro kuti mafunde asagwedeze mapoto a eni ake. Malo omangirira pafupi ndi mzinda amavuta, ndipo tsiku lina tinazungulira mpaka mdima.

Ku Scotland zinayamba mwa mtundu wina. Pa Falkirk, tisanayende n'komwe mamita 200, tinapeza antchito a yunifolomu akutidikira ndi nthawi yathu yolembedwa. Ngalande za kumeneko ndi za boma la Scotland, zimayendetsedwa ndi bungwe la Scottish Canals, ndipo ndi zochepa, makilomita ongopitirira 200 zonse pamodzi. Chitsulo chopukusira chija sitinachigwiritse ntchito. Anatikodola, tinalowetsa boti m'chibeseni chachikulu cha madzi, anatseka, ndipo chibesenicho chinayamba kukwera nafe m'mwamba.

Imeneyo ndiyo Falkirk Wheel, imene inatsegulidwa mu 2002. Ndi chigudumu cha mikono iwiri, mkono uliwonse uli ndi chibeseni chake. China chikamakwera china chimatsika, ndipo zimalemera mofanana nthawi zonse, chifukwa boti likalowa limatulutsa madzi olemera ngati ilo lomwe. N'chifukwa chake chimadya magetsi ochepa zedi, ofanana ndi owiritsira maketulo 8. Mumphindi zisanu zokha tinali mamita 24 m'mwamba. Kale pamalo amenewa panali ma lock 11 olumikiza ngalande ya Forth and Clyde ndi ya Union, amene ankadya pafupifupi tsiku lonse, ndipo anawaphwasula m'ma 1930. Mayi sanagwire chikwama ulendo uno. Anaimirira pakhomo la boti n'kumayang'ana mapiri akutali, akuti, "Koma anthu awa." Ndinawakumbutsa kuti Ilala imene akhala akukwera kuyambira ali mtsikana inapangidwa konkuno, ku Scotstoun mumzinda wa Glasgow, n'kutumizidwa zidutswazidutswa kukalumikizidwa kunyanja kwathu, kumene inayamba ntchito mu 1951. Anagwedeza mutu ngati amva za m'bale.

Kuchoka pa chigudumucho mumalowa m'njira yoboola phiri, pansi pa khoma la Antonine limene Aroma omwe aja anamanga cha m'ma 142 AD, n'kukwera ma lock awiri amene antchito amakutsegulirani. Basi. Kuchokera pamenepo mpaka ku Edinburgh, makilomita pafupifupi 50, kulibenso lock ngakhale imodzi. Ngalande ya Union inatsegulidwa mu 1822 kuti izinyamula malasha kupita mumzinda, ndipo anaikumba motsata msinkhu umodzi wa nthaka, kukhotakhota ndi mapiri. Pamene chigwa chawatchinga anamanga mlatho, ndipo wa pa mtsinje wina wotchedwanso Avon, pafupi ndi Linlithgow, ndi wautali mamita oposa 240. Ku Linlithgow tinagona pafupi ndi mabwinja a nyumba yachifumu kumene anabadwira Mary, mfumukazi ya a Scot, mu 1542.

Nayonso ngalandeyi inafapo. Njanji ya pakati pa Edinburgh ndi Glasgow inailanda katundu kuyambira mu 1842, ngalandeyo inatsekedwa mu 1965, msewu waukulu wa M8 unaidula, ndipo ku Wester Hailes anaikwirira n'kumangapo nyumba. Anthu okonda ngalande analipo amene ankailirira, koma chimene chinaiutsa ndi ntchito imodzi yaikulu ya Millennium Link, ya ndalama za lotale, za makhonsolo ndi za ku Europe. Ku England anaitola ndi manja kwa zaka pafupifupi 30. Ku Scotland anabwera ndi makatapila n'kumaliza m'zaka zochepa.

Ulendo wa ku Scotland unali wofewa, koma wachete. Tsiku lina tinakumana ndi maboti atatu okha. Ana anayamba kufunsa za intaneti, chinthu chimene pa Seend sanachikumbuke n'komwe. Ntchito imene inalipo inali yozimitsa injini n'kupisa dzanja m'madzi ozizira kuchotsa udzu wokulunga pa chopalasira. Ndipo umayenda pa nthawi ya eni ake. Chigudumu chili ndi maola ake, ndipo mlatho wa Leamington, umene umanyamuka kuti ulowe kumapeto kwa ngalande mu Edinburgh, umachita kuimbira foni kuti adzakutsegulire. Kumapetoko, ku Fountainbridge, kunali mafakitale a mowa ndi a labala, pano kuli maofesi ndi nyumba zosanja zatsopano. Edinburgh weniweni, wa linga lokhala pathanthwe ndi msewu wa Royal Mile, umamupeza utayenda wapansi mphindi 15 kapena 20. Mzindawo ndi waukulu ndi wochititsa kaso kuposa Bath, ndipo m'munda wa Princes Street muli chipilala cha David Livingstone chimene mayi anafuna kujambulitsapo. Koma pa kalowedwe ka pamadzi, Bath ndiye wapambana.

Ndikaziika pa sikelo, mtima wanga uli ku England, ndipo chifukwa chake ndi ana. Anabwerako ndi matuza m'manja, akudziwa kumanga chingwe, akudziwa kudikira mnzawo, atalankhula ndi anthu achilendo ambiri kuposa a chaka chonse cha kusukulu. Munthu akakupatsa chitsulo n'kuchoka, wakuyesa wamkulu. Koma njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Lock ndi malo oopsa: kumbuyo kwa boti kukakodwa pa chidutswa cha simenti cha pansi pa chitseko madzi akutsika, boti limapendekeka n'kumira mofulumira, ndipo zimachitikadi. Komanso ngalande za zaka 200 zikudalira zopereka, malaisensi a maboti ndi anthu ongodzipereka, pamene boma linalengeza mu 2023 kuti thandizo lake ku Canal & River Trust liyamba kuchepa kuchokera mu 2027. Zitseko zina tinazipeza zikudontha, zina zolimba moti mwana sakanazitha. Njira ya ku Scotland imalola munthu wa mawondo ofooka, kapena banja la mwana wakhanda, kuyenda popanda mantha, ndipo zimenezo si zazing'ono.

Mtengo wobwerekera boti ndi wokwera mbali zonse ziwiri, makamaka ana akatsekera sukulu. Ife ulendo wachiwiri tinagawana ndi banja la achimwene anga a ku Leeds, ndipo m'pamene unapepuka.

Mayi anabwerera kumudzi mwezi wa Okutobala. Sabata yatha pa foni ndinawafunsa kuti akadzabweranso tidzapite kuti. Sanachedwe kuyankha. Anati kwa chigudumu kuja anakuona, kwatha, koma akufuna adzaone boti likukwera masitepe 29 aja a pa Caen Hill, iwo ali mkati, adzukulu awo akukankha zitseko.