Chenjezo kwa okakamiza database yatsopano pa Windows yotha ntchito

Ana anga a IT m'maofesi a mu Blantyre muno, kuyambira ku Limbe, Ginnery Corner mpaka kumafakitale a ku Makata, tcherani khutu. Khalidwe lotenga database (pulogalamu yosunga zolemba za kampani) yatsopano n'kuikakamiza pa seva (kompyuta yaikulu ya ofesi) ya Windows imene eni ake anaitaya kalekale lilekeke.

Windows 7 ndi Windows Server 2008 R2 a Microsoft anasiya kuzisamalira, kutanthauza kuzitumizira ma update otseka ziboo za akuba, pa 14 January 2020. Server 2012 R2 inatsatira pa 10 October 2023. Nayo Windows 10, imene enanu mukuiyesabe yamakono, nthawi yake inakwana pa 14 October 2025. Inu a Linux musaseke, CentOS 7 inatha pa 30 June 2024. Akuba a pa intaneti akapeza chiboo m'menemo lero, amene angachitseke ndani?

Chimene chimandinyansa ndi ichi. Mwatenga database ya Microsoft ya SQL Server 2022, imene imafuna Windows Server 2016 kapena yobwera pambuyo pake. Mwayamba kuiika, yakana, yakuuzani poyera kuti pano siingakhale. M'malo momva, mwathamangira pa YouTube kukasaka njira yozembera: kusintha registry, kukopera mafayilo a DLL pakompyuta ya mnzanu, kuzimitsa antivirus. Ikangotseguka basi, chifuwa patsogolo, mwakauza abwana kuti ntchito yatheka. Safunsa anadya phula, ana inu! Mwakhoma malata onyezimira pamitengo yodyedwa ndi chiswe.

Database siyenda yokha. Polemba pa disiki, pogwiritsa ntchito memory, pobisa mauthenga odutsa pa netiweki, imadalira Windows kapena Linux imene ili pansi pake. Opanga ake anaiyesa pa zatsopano zokhazokha, ndiye pa chakale chanucho palibe anaonapo mmene imachitira zinthu zikathina. Kuthina kwake kuno timakudziwa: magetsi azima pakati pa malipiro a mwezi, batire la UPS, losungira magetsi, linafa chaka chatha, ndipo poyatsanso database ikukana kudzuka. Mukalembera opanga, funso lawo loyamba lidzakhala lakuti mwaiika pa chiyani. Mukayankha, nkhani yathera pomwepo.

Kumbukirani vairasi ya pakompyuta ya WannaCry ya mu May 2017. Zipatala zina ku England zinachita kubweza odwala chifukwa makompyuta anatsekedwa ndi akuba ofuna dipo. Chonsecho a Microsoft anali atatulutsa update yotseka chiboocho mu March chaka chomwecho. Ambiri mwa ogwidwa anali ochedwa kuiika. Iwo anangochedwa. Nanga inu amene update yanu siidzabwera n'komwe?

Nanunso mabwana ndisakusiyeni. Mnyamata wa IT akapempha seva mumati ndalama zakunja zikusowa, koma galimoto yatsopano yaima panja. Zimene zili mu database si zanu ayi. Ndi masheya a amayi ogulitsa tomato ku Ndirande amene amasunga ku SACCO yanu, ndi mayina ndi matenda a odwala a ku kiliniki yanu, ndi malipiro a alonda. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA. Zikabedwa, wokayankha ndinu, osati mnyamata uja.

Ngati thumba n'lopereweradi, Linux ya Ubuntu LTS ndi yaulere ndipo imalandira ma update zaka 5. Database ya PostgreSQL nayo salipiritsa. Yambani ndi backup, kope ya zonse zili mu database, muisunge pa disiki ina kunja kwa ofesi, ndipo muiyese ngati ikubwereradi, chifukwa ambiri mumangoganiza kuti ilipo. Kenako ikani Windows kapena Linux imene ikusamalidwabe, database ibwere pambuyo. Seva yakaleyo, ngati pali pulogalamu ya akaunti imene imangoyenda pamenepo, izuleni pa intaneti lero lomwe.