Inu odandaula za apolisi pa Facebook, tamverani kuno

Dzulo ndinakwera minibasi tapanikizana ngati matumba a makala, mpando wa anthu atatu takhalapo asanu, matayala akuoneka mawaya. Tafika pa roadblock ina kondakitala watsika K2,000 ataipinda mchikhatho, kubwera akumwetulira ati tathana nawo. Tangonyamuka basi minibasi yonse pakamwa yaviyavi, ati apolisi akuba, apolisi opanda manyazi, mayi wina mpaka kutulutsa foni kuti aponye pa gulupu ya mpingo. Ine mtima unandiwawa. Amene mumakuwa kuti apatseni ya fanta tizipita tachedwa si inu nomwe? Nde mukunyoza ndani?

Anthu akuluakulu a imvi zawo koma zochita ngati ana. Mwana wanu akamutsekera mukuthamanga kukagulitsa mbuzi kuti mulipire belo, chonsecho belo ya kupolisi ndi yaulere. Munthu wagona mchitokosi sabata yathunthu osaonekera ku khothi inu muli phee kumangotumiza nsima mu kontena, lamulo loti womangidwa aonekere ku khothi pasanathe maola 48 simunalimvepo? Akulipitsani faindi pamsewu, lisiti ya boma osafunsa, dzina la bwanayo osaliona, tsiku osalemba, madzulo muli pa Facebook kulemba ndime zitalizitali. Mark Zuckerberg mwini Facebook ndi amene adzakubwezereni ndalamayo?

Ati ngakhale tidandaule palibe chomwe chimachitika. Munayesa liti? Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission kuti izimva madandaulo amenewa, inu ngakhale khomo lake simulidziwa. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu aja anachitidwa zamanyazi ndi apolisi mu 2019, sanangolira kuseri kwa nyumba ayi, anaima nawo maloya achizimayi mpaka khothi lalikulu mu 2020 linalamula kuti apepesedwe ndi ndalama. Amayi akumudzi amenewo, inu a mafoni odula mukuopa chani?

Sindikuikira kumbuyo wapolisi wolandira ziphuphu, ameneyo ndi wakuba basi, yunifolomu kapena ayi. Koma mukumunenepetsa ndinu. Ndipo minibasi ya matayala akutha yomwe mukuigulira njira ndi K2,000 ija idzakugwetserani kuphompho tsiku lina, tidzakutolani ndi chitenje, kumaliro nkumati chinali chifuniro cha Mulungu.

Siyani zopusazi, mwakula.