Chala changa chimada chokha, koma palibe amene wandilodza

Abale anga lero ndilankhuleko za chinthu chomwe ndakhala nacho zaka 4 tsopano, pena ndimaona ngati ndili ndekha koma ndikudziwa alipo azimayi anzanga akungobisa manja m'chitenje osauza munthu.

Tsiku loyamba ndinkachokera kumsika ku Limbe, jumbo ya mbatata ndi tomato ili kumanja, ndinangomva chinthu chandibaya pa chala cha mkombaphala mpaka jumbo ndinaponya pansi kuyesa mavu. Kuyang'ana palibe mavu palibe bala. Pofika pokwerera minibasi chala chatupa, chikutentha, ola lisanathe chada bii kumbali ya chikhatho ngati ndachipanitsa pachitseko. Nsonga yake ndi chikhadabo zili bwinobwino, pakati pokha ndi pomwe magazi anaundana pansi pa khungu. Patatha masiku 5 chinabwerera mwakale. Kuchokera apo zimabwera kawiri katatu pachaka, pena ndikufinya zovala, pena ndikutsegula botolo, tsiku lina ndili phee mutchalitchi ndangogwira buku la nyimbo.

Apongozi anga ataona anangopukusa mutu, amvekere "mwana wanga izi si za chipatala, alipo akukuluma usiku." Ndikudziwa ankanena mondikonda, koma pasanathe sabata dzina la agogo ena oyandikana nafe linali litayamba kale kutchulidwa pamjigo. Apa nde mtima wanga umawawa kwambiri, chifukwa tonse tikudziwa zomwe zimawachitikira okalamba m'midzi mwathumu akangowatchula mfiti, ena kuwagwetsera nyumba ena kuwapha kumene. Lamulo la za ufiti la 1911 mpaka pano limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti koma ndi angati amaliopa? Chala changa ine chinatsala pang'ono kuyika nkhalamba yosalakwa m'mavuto.

Kuchipatala nako sizinali zophweka. Vuto la matendawa ndi loti pomwe ukupeza ya transipoti nkukaima pamzere, chala chimakhala chayamba kale kuchira. Anandiyeza BP, shuga, kutenga magazi a full blood count, zonse bwinobwino, ma platelets, tizigawo tothandiza magazi kuundana, ali pakati pa 150,000 ndi 450,000 momwe amafunikira. Kenako "mayi mulibe vuto, kamweni panado." Ndinatuluka ndi kabuku kanga m'manja misozi ili lengelenge, osati poti ndinkafuna andipeze ndi matenda ayi, koma ndinaoneka ngati ndikunama. Ndipo tinene zoona, pakhungu lathu lakudali kuundana kwa magazi sikuoneka msanga, munthu akangoyang'ana mothamanga kuseri kwa dzanja saona kanthu, mpaka atembenuze chikhatho pamalo owala.

Mwana wanga wamkazi ndi amene anandiuza kuti amama muzijambula pafoni. Ndinayamba kujambula pawindo masana, tsiku loyamba lachiwiri lachitatu, nkumalemba deti ndi zomwe ndimachita nthawi imeneyo. Ndi zithunzi zimenezo zomwe zinapangitsa adokotala ena kukhala nane pansi nkundiuza kuti izi zili ndi dzina, Achenbach syndrome. Dokotala wa ku Germany, Walter Achenbach, anazilemba kale mu 1958. Kamtsempha kakang'ono ka m'chala kamangophulika kokha magazi nkutayikira pansi pa khungu, zimakonda azimayi a zaka za m'ma 40 ndi 50 kupita mtsogolo, makamaka chala cha mkombaphala ndi chapakati, ndipo zimatha zokha pakapita masiku ochepa. Chenicheni chomwe chimaphulitsa kamtsemphako madokotala sanachipezebe, koma si khansa, sichiwola, chala sichidulidwa. Usiku umenewo ndinagona tulo tomwe ndinali nditaiwala.

Maganizo anga ndi awa, munthu akayezedwa zonse nkupezeka zili bwino ndi nkhani yabwino inde, koma inu a kuchipatala musamuthamangitse ndi panado yekha. Mufotokozereni chomwe mwayeza, chomwe mwapeza kuti palibe, ndi chomwe akaona abwerenso msanga. Mukamusiya chimodzimodzi akabwerera kwa aja omuuza kuti walodzedwa, poti iwowo yankho amakhala nalo nthawi zonse.

Palinso china chomwe chimandivuta nyengo ya chiperoni mu June ndi July. Ndikagwira madzi ozizira m'mawa zala zimatuwa mbuu, dzanzi lokhalokha mpaka sindingamange batani la bulauzi, ndipo magazi akamabwerera zimabaya ngati masingano. Ichi nde china, amati Raynaud, dzina la dokotala wa ku France Maurice Raynaud amene anachifotokoza mu 1862, timitsempha timafinyika ndi kuzizira magazi nkumalephera kufika kunsonga. Pano ndimafunditsa kaye madzi ochapira, magolovesi a pakaunjika sachoka m'chikwama, ndipo zala zikachita dzanzi ndimaziyika kukhwapa kapena m'madzi ofunda, osati pambaula, poti dzanja la dzanzi limapsa iwe osamva. Jumbo zolemera ndinasiya kukoleka pazala, ndimasenza pamutu kapena kukolekera pamkono.

Koma chonde musawerenge izi nkudziyeza nokha kunyumba. Ngati madontho akudawo akutuluka thupi lonse, nkhama zikuchucha magazi potsuka mano, kamfuno pafupipafupi, kumwezi kukuchuluka mosazolowereka, kapena mukumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin ndi aspirin, pitani mukayezetse osachedwa. Chala chikazizira, kuda mpaka kunsonga, kupweteka osaleka kapena kuchita chilonda, makamaka inu a shuga ndi osuta fodya, vuto limenelo ndi lopita nalo kuchipatala tsiku lomwelo osadikira mawa.

Agogo aja ndinapita ndekha kukawapepesa, ndinawaonetsa zithunzi pafoni ndi kabuku ka kuchipatala. Anangoti "zikomo mayi" maso ali pansi. Mpaka lero madzi amakatunga kumjigo wakutali uja, kwathu kuno safikako.