Chonde, sandipepa asayandikire chrome wa njinga yakale

Abale anga amene mukudzutsa njinga zamoto zakale, ndili ndi pempho limodzi: lekani kukwecha chrome, kachitsulo konyezimira kaja kamene amakutira malimu ndi madigadi, ndi sandipepa. Zimandiwawa ndikaona Honda C70 kapena CG125 yomwe inagona m'nyumba zaka zambiri, mwini wake wayitulutsa ndi mtima wabwino, koma tsiku loyamba lomwelo wapala malimu ndi madigadi mpaka mbuu, kenako n'kupopera penti wa siliva. Ukaiona patali imasangalatsa. Koma dikirani mvula iyambe mu Novembala, dzimbiri limatumphuka pansi pa penti uja, ndipo ulendo uno chitsulo chilibenso chochiteteza.

Ambiri sadziwa kuti chrome payekha sachita dzimbiri. Chimene chimachita dzimbiri ndi chitsulo chili pansicho. Ku fakitale amayamba akuta chitsulo ndi nickel, nthawi zina mkuwa umakhala pansi penipeni, ndipo chrome amabwera pomalizira, wopyapyala zedi, wosafika ndi micron imodzi yomwe (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Tsitsi limodzi la pamutu panu limamuposa kunenepa maulendo 100 kapena kupitirira. Zaka zikamapita pamachita timabowo tosaoneka ndi maso, madzi n'kulowa, dzimbiri n'kutulukira pomwepo n'kufalikira pamwamba. N'chifukwa chake limu limatha kuoneka ngati latheratu, lofiira lonse, pomwe pansi pa kufiirako chrome akadali wamoyo. Sandipepa sasankha. Amachotsa dzimbiri, chrome ndi nickel pamodzi, ndipo zomwe zinaikidwa ku Japan zaka 40 kapena 50 zapitazo zimatha pa mphindi zochepa.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yotsika mtengo, kungoti imafuna mtima wodekha. Yambani mwatsuka ndi sopo kuti mchenga uchoke, pakuti mchenga ndiwo umakanda. Kenako tengani foyilo wa aluminiyamu, yemwe uja timakulungira zakudya, mumufinye pang'ono, mumviike m'madzi, muzipukuta mofatsa. Aluminiyamu ndi wofewa kuposa chrome, ndiye amanyamula dzimbiri osalemba mizere. Muona phala lakuda likutuluka m'manja. Pukutani ndi kansalu, ndipo pamalo pomwe panali pofiira paja pamayamba kuoneka nkhope yanu, kupatula timadontho takuda pomwe panabooka. Dzimbiri likakhala lamakani, viikani foyiloyo mu viniga. Ena amakonda Coca-Cola chifukwa muli asidi wa phosphoric pang'ono, ndipo imagwiradi, koma shuga wake amamata, ine sindiona chifukwa chodzivutitsira.

Mukagwiritsa ntchito viniga musathere pomwepo. Tsukani ndi madzi osungunulira soda, yemwe uja wa therere, kuti asidi afe. Umitsani bwinobwino padzuwa, kenako pakani polishi wa galimoto wokhala ndi phula. Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi, chonsecho timabowo tija tikadali pompo, ndipo mukapanda kutitseka dzimbiri libwereranso. Amene mumakhala kunyanja, ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota komwe mpweya umakhala wa chinyontho, muzipaka pafupipafupi, ndipo musamafunditse njinga pulasitiki chifukwa imachita thukuta m'kati.

Asidi wa m'batire ayi ndithu. Ndi woopsa m'maso ndi pakhungu, ndipo akalowa m'timabowo amadya chitsulo mwakachetechete. Waya wokhakhala wokwechera mapoto nayenso amasiya mizere yosafufutika. Masipoko musawanyike mu viniga, chifukwa ambiri anakutidwa ndi zinc ndipo asidi amamusungunula. Kubiriwira kwa pa ekizozi pafupi ndi injini si dzimbiri, ndi kutentha, choncho musalimbane nako ndi foyilo.

Pali ena amati njinga yokonzedwa iyenera kuwala ngati yatuluka m'sitolo dzulo. Ine sindigwirizana nawo. Njinga ngati Yamaha AG100, zomwe zinayenda ndi alangizi m'misewu yafumbi, zili ndi ufulu wokhala ndi timadontho take. Kwa ine madigadi oyambirira okhala ndi zipsera pang'ono amaposa atsopano otchipa omwe chrome wake amayamba kusupuka chaka chisanathe. Kukutanso chrome n'kotheka, koma ndi ntchito ya akatswiri okhala ndi zipangizo, ndipo mankhwala ake, hexavalent chromium, amayambitsa khansa. Si zoyesera kuseri kwa nyumba.

Pamene ndimalimbitsa mawu ndi pa mapaipi a mashoko akutsogolo. Chrome wa pamenepo si wokongoletsa, ndi wolimba, ndipo silo, kalabala kotchinga oyilo wa m'mashoko kuti asatuluke, imayenda pamwamba pake nthawi zonse njinga ikamadumpha mabampu. Yendetsani chikhadabo pamalo pomwe silo imadutsa. Chikakodwa, dziwani kuti kabowo kameneko kadzang'amba silo yatsopano iliyonse imene mungaike, oyilo adzatsika mpaka ku buleki yakutsogolo, ndipo mudzazindikira muli pa mtsetse. Limu nalonso lichotseni tayala muone m'kati, pomwe masipoko amamangira, chifukwa madzi amakhalitsa m'menemo. Mukapeza chitsulo chikusupuka m'magamba, limenelo musalikwerenso, gulani lina.