Mayina awiri, object imodzi

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaona kuti okonza zilankhulo zolembera mapulogalamu sayenera kuchibisa, ndicho kusiyana kwa kukopera chinthu ndi kungochipatsa dzina lachiwiri.

Mu JavaScript, chilankhulo chimene Brendan Eich anachikonza mu 1995, mukalemba const b = a pamene a ndi object (chinthu chosunga mfundo zingapo pamodzi, zotchedwa ma property, monga dzina ndi adiresi), palibe chimene chakoperedwa. Chimene b walandira ndi reference, ndiye kuti cholozera chabe, kotero mayina onse awiri akuloza malo amodzi mu memory, ndipo mukasintha b.dzina ndiye kuti a.dzina lasinthanso. Mawu oti const amasokoneza ambiri pamenepa, chifukwa amangoletsa kuti b aloze object ina, koma ma property a m'katimo amasinthika bwinobwino. Nayonso Object.freeze, imene imaletsa kusintha object, imangomanga pamwamba pokha, moti ngati m'kati mwa object muli ina, monga adiresi, imeneyo imasinthikabe. Ine ndinatayapo masana onse ndikufufuza chimene chinkasokoneza ndondomeko ya mayina, ndipo mapeto ake ndinapeza kuti function (kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito inayake) ina yaing'ono, imene ndinkaiyesa yongowerenga, inkaitana sort, pomwe sort imasanja array (mndandanda) yeniyeniyo osati kopi yake.

Sindikunena kuti ma reference ndi oipa ayi. Kukopera object yaikulu nthawi iliyonse kumadya memory ndi nthawi, ndipo kawirikawiri timafunadi kuti mbali ziwiri za pulogalamu zizigwiritsa ntchito chinthu chimodzi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti woitana function saona chizindikiro chilichonse chomuchenjeza kuti chinthu chake chikhoza kubwerako chitasinthidwa.

Chilankhulo cha Swift chinasiyanitsa poyera kukopera ndi kupatsa dzina lachiwiri, chifukwa chinthu cha mtundu wa struct chimakoperedwa pamene cha mtundu wa class chimagawidwa. Chilankhulo cha Rust, chimene mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2015, chinapitirira pamenepo: pa nthawi imodzi mukhoza kukhala ndi reference imodzi yosintha, yolembedwa &mut, kapena zambiri zongowerenga, koma osati zonse pamodzi, ndipo mukaphwanya lamuloli compiler, imene imamasulira zolembedwazo kuti kompyuta izimve, imakana pulogalamu yonse. Ndikuvomereza kuti zimenezi n'zowawa, makamaka kwa ophunzira kumene, komanso zimachititsa kuti zinthu zolozana mbali zonse ziwiri, monga doubly linked list, zivute kulemba. Komabe function yanga ija ikanalembedwa mu Rust, ndikanayenera kulemba &mut ndekha poiitana, ndipo ndikanadziwiratu kuti mayina aja akukasanjidwa.